Babu la pa Khonde la Che Alidi

Tsiku limene Fabiano anachotsedwa ntchito, malaya ake ankanunkha utsi. Anayenda wapansi kuchoka m'tauni ya Blantyre mpaka kwawo ku Ndirande osapereka moni kwa munthu, ndipo atafika anakakhala pa mwala kuseri kwa nyumba mpaka mkazi wake Ella anamupeza.

Inu amene munalakwitsapo chinthu anthu akuona, mpaka kulakalaka nthaka itangong'ambika mulowemo, nkhani iyi ndi yanu. Ndizingomutchula kuti Fabiano, andikhululukire, poti m'chaka cha 1958, nthawi ya Chitaganya, anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Makolo ake anachokera kwa Apwitikizi iye asanabadwe. Sukulu analekeza Sitandade 4. Ntchito anaipeza yosesa m'shopu ina yokonza mawailesi, ndipo anasesa zaka zinayi, maso ali pa tebulo la mafundi, mpaka anamulola kugwira chowotcherera mawaya.

Masiku amenewo nyumba yolemekezeka inkakhala ndi rediyogilamu. Achinyamata simunaione. Linali bokosi lamatabwa lalikulu ngati kabati, lokhala ndi wailesi komanso choimbira mbale za nyimbo. M'kati mwake munkakhala ampulifaya, chitsulo chokhala ndi mavavu, timababu totentha timene tinkakweza mawu.

Lachisanu lina fundi wamkulu, a Vitalis, anapita ku maliro. Kunabwera rediyogilamu ya mzungu wina wa ku Nyambadwe, vuto lake linali kupsa fyuzi. Fabiano anaika fyuzi yatsopano, inapsa. Anaikanso ina, inapsanso. Apo mpamene anakumbukira nzeru za pamsika. Anatola kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kukulunga fyuzi yakupsayo, n'kuibwezera.

Inaimba, abale. Inaimba bwino mphindi ziwiri zathunthu, Fabiano akumwetulira. Kenako kunamveka fungo, utsi n'kuyamba kutuluka m'timaboo ta kumbuyo. Thiransifoma, mtima wa ampulifaya yonse, inali itapserera. Mwini shopu sanakalipe n'komwe. Anangoloza chitseko.

Nkhani yoipa siichedwa. Pofika Lamulungu, ngakhale pabwalo la tchalitchi anali atamupatsa dzina loti Chautsi.

Miyezi inayi anasenza mabelo a fodya ku Limbe. Madzulo ankabwera msana ukuwawa, koma akadutsa pa nyumba imene wailesi ikusasa mawu, ankaima n'kutchera khutu. Ella anaziona zimenezo.

"Pitani kwa a Vitalis mukapepese," anatero. "Akakuthamangitsani, mudzabwerera kuno, nyumba ndi yomweyi."

Anapita, manyazi ali tho. A Vitalis anali munthu wosaseka, amene anaphunzira za mawailesi ku usilikali. Anamusiya chiimire kwa kanthawi asanamulozere mpando.

"Iwe, fyuzi ikapsa imakhala ikukuuza kuti m'katimo muli vuto," anatero a Vitalis. "Iwe unaitseka pakamwa. Unkafuna nyimbo, sunkafuna kudziwa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathabwa. Pa kathabwapo panali babu lamagetsi wamba ndi polumikizira pulagi.

"Magetsi azidutsa m'babu ili asanafike ku ampulifaya. Ngati m'kati muli vuto lalikulu, babu liwala kwambiri, ndipo ndilo lidye motowo, thiransifoma ipulumuka. Ngati zili bwino, liwala pang'ono n'kuzilala. Usadzayatsenso chinthu cha munthu popanda ili. Tenga, uzipita."

Vuto linali lakuti kwa Fabiano kunalibe magetsi. Amene anamuthandiza anali Che Alidi, telala wa ku Limbe, amene ankasokera pa khonde la sitolo ina ndipo anali ndi waya wa magetsi wa ayironi. Anali munthu wanthabwala, wodzitama ndi singano yake. "Ine ndikasoka, achimwene, ngakhale mphepo sidutsa," ankatero tsiku lililonse. Anasuntha makina ake pang'ono n'kumupatsa Fabiano ngodya ya khondelo.

Pamenepo Fabiano anayamba sukulu yake yeniyeni. Ankapempha mawailesi akufa kwa makhuki a m'mayadi, ena n'kuwatola kudzala kuseri kwa mashopu. Ankawaphwasula imodziimodzi, makondensa m'chitini chawo, marezisita m'chitini chawo. Loweruka ankabwereka mita ya a Vitalis n'kuyeza kachipangizo kalikonse. M'kope la ana asukulu ankalemba kamvekedwe ka matenda onse. Phokoso loti huuu losalekeza, ndiye kondensa yaikulu yauma. Mawu osasa vavu itafiira, ndiye kondensa yaing'ono ikudontha magetsi.

Tsiku lina kondensa, imene imasunga magetsi, inamuluma, ampulifaya ili yozimitsa kale. "Mayo ine!" anakuwa, sikuludiraiva n'kukagwera pamsewu. Che Alidi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya mwini wake. Kuyambira pamenepo Fabiano ankagwira ntchito dzanja limodzi lili m'thumba, kuopa magetsi.

Koma luso ndi lina, dzina ndi lina. Chaka chathunthu chinatha anthu akumubweretsera matochi ndi ma ayironi basi. Wailesi ayi. Odutsa ankangofuula, "A Chautsi, lero mwawotcha zingati?" Iye ankaseka nawo, koma zinkamupweteka kwambiri.

M'chaka cha 1960 mwana wawo Winnie anali akukwawa, ndipo pakhomo zinthu zinali zitathina. Mchimwene wake wa Ella, a Paston, anabwera ndi mawu osazungulira. "Alamu, anzanu akubwera ndi masuti kuchokera ku Joni. Inu mukusewera ndi babu pa khonde la telala."

Fabiano anakalembetsa za kumigodi ya ku Joni. Anamupatsa pepala loti akaonekere Lolemba, patatha masabata atatu. Ella analiwerenga, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa chitini cha mchere. Tsiku limenelo sanadye.

Mawa lake pa khonde paja panafika mayi wina atanyamula suti. Anali Mayi Marjorie, mphunzitsi wa ku Soche. Amuna awo a Bennet, kalaliki, anagwidwa pamodzi ndi anthu ambiri m'Malichi 1959 n'kutsekeredwa m'ndende ya ku Kanjedza. Tsopano uthenga unali utafika woti atuluka Loweruka lomaliza la mweziwo.

"Muichepetse sutiyi, Che Alidi, bambo aonda," anatero mayiwo. Kenako anaona babu pa kathabwa. "Kodi pano pali wokonza mawailesi? Bambo nthawi zonse ndikakawaona amafunsa za rediyogilamu yawo. Chiwagwirireni sindinaiyatse. Dzana ndinayesa, inangoti huuu n'kuyamba kununkha, ndinazimitsa msanga. Ndikufuna adzaipeze ikuimba."

"Fundi ndi uyu," anatero Che Alidi.

Mayiwo anamuyang'ana. "Si uja amati Chautsi?"

"Ndi ine ndemwe, mayi," anayankha Fabiano. "Ndinawotchadi imodzi. N'chifukwa chake ndimayamba ndi babu ili."

Mayi Marjorie anayang'ananso babu lija. "Bwerani mawa," anatero.

Fabiano anauza Ella madzulo amenewo kuti iyi ndi yomaliza. Ikaimba, akhala. Ikakanika, Lolemba lija akwera wa ku Joni.

Anapita ku Soche pa njinga ya Che Alidi. Anapeza rediyogilamu itakokedwa kale pakati pa chipinda, yopukutidwa, ikunyezimira. Anamasula ampulifaya, n'kuikulunga m'chiguduli, n'kubwerera nayo ku Limbe.

Atailumikiza, babu linawala kuti ngwee, osazilala. Popanda babulo akanawotcha yachiwiri. Anafufuza modekha. Kondensa yaikulu inali itawonongeka chifukwa chokhala chaka ndi miyezi osagwira ntchito. Anaika ina. Anapezanso kakondensa kamodzi kokutidwa ndi phula kakudontha magetsi, n'kukasintha. Atayatsanso, babu linawala pang'ono n'kuzilala, ndipo nyimbo inatuluka yoyera. Inaimba tsiku lonse pa khondepo, Che Alidi akupalasa makina motsatira ng'oma.

Anaibwezera ku Soche, anaimba mbale imodzi, mayiwo anathokoza, iye n'kubwerera akuimba mluzu.

Patapita masiku atatu Mayi Marjorie anatulukira. "Yaimba ola limodzi, mawu n'kusasa, kenako zii."

Fabiano anakaitenganso. Anapeza rezisita imodzi itapserera kuti bii. Anaisintha, anayeza paliponse, ndipo ulendo uno anaiimbitsa masiku atatu otsatizana pa khonde. Sinatsokomole n'kamodzi komwe. Anaibwezeranso.

Lachinayi la sabata yomaliza, mayiwo anabweranso kudzatenga suti. Sanakalipe. Akanakalipa, bwenzi zitapepukako.

"Basi abambo, mwayesetsa," anatero. "Yafanso. Bambo ndidzangowauza kuti inakalamba."

Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bambo wa mwana, anatsala pang'ono kulira pamsewu wa Limbe. Anasonkhanitsa zitini zake, n'kuuza Che Alidi kuti ngodya ija aipereke kwa wina.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ella anali akuanula zovala, ndipo anamvetsera nkhani yonse osaleka ntchito yake.

"Ndiye mukuti kwa Che Alidi imaimba masiku atatu?" anafunsa.

"Eya."

"Kwa mayiwo ola limodzi?"

"Eya."

"Nanga bwanji mumangoyang'ana chitsulocho? Kayang'aneni nyumbayo. Winnie akamadwala tikapita kwa amayi okha, ine sindifunsa mwana, ndimafunsa madzi a kumeneko."

Fabiano anayamba kukumbukira. Maulendo onse anayi anapita ku Soche atapanganiratu tsiku, ndipo maulendo onsewo anapeza bokosi lili pakati pa chipinda, litamukonzekera. Mmene limakhalira masiku onse anali asanaonepo.

Lachisanu m'mawa anagogoda osayembekezeka, mayiwo asanapite ku sukulu.

"Iii, mukanandiuza ndikanakonzeratu," anatero Mayi Marjorie. "Dikirani ndichotse nsaluyi."

"Ayi mayi, chonde musakhudze."

Rediyogilamu inali itakankhidwira kukhoma, kuti gwa. Inali itavala chovindikira cha kaki wokhuthala, m'kati mwake muli bulangete, chofika mpaka pansi mbali zonse. Pamwamba pokha mpamene panali kachitseko ka mabatani kotsegulira poika mbale. Fabiano anagwada n'kusuzumira kumbuyo. Timaboo tonse totulukira mpweya tinali titaphimbidwa, ndipo msoko wake unali wothinana bwino, wa munthu amene ankamudziwa.

"Mumaimba ili chonchi, mayi?"

"Eya. Ndimachotsa mukamabwera inu basi, kuti mugwire bwino ntchito. Ndinasoketsa kwa Che Alidi sabata imene bambo anagwidwa. Kuno mphemvu n'zambiri, fumbinso. Ndinati chinthu chimene amachikonda asadzachipeze chitawonongeka."

Fabiano anamasula ampulifaya n'kuitembenuza. Phula la makondensa otsala aja linali litasungunuka n'kudonthera pa thabwa. Pa khonde la ku Limbe, pamene mphepo imawomba tsiku lonse, makondensawo ankapirira. Muno ankaphikidwa. Akatentha ankadontha magetsi, vavu n'kukoka moto wambiri, rezisita n'kupsa.

Tsono mumawauza bwanji mayi amene asunga chinthu ndi chikondi chotere kuti chikondicho ndicho chikuchipha? Fabiano wakale akanafuula kuti mwaona, si ine. Uyu anaika chitsulo pansi n'kulankhula motsitsa.

"Mwaisunga bwino, mayi. Bokosili lilibe ndi kokalika komwe. Koma mavavu amatentha ngati mbaula, amafuna mpweya. Nsaluyi ikuwatsamwitsa."

Mayi Marjorie anakhala pa mpando, manja ali pa maondo. "Ndimati ndikuwasungira," anatero, misozi ikulengeza. Kenako anadzuka. "Mawa masana akhala ali pano. Zitheka?"

"Zitheka."

Anapalasa njinga mpaka ku Blantyre kwa a Vitalis, amene anamva nkhaniyo n'kungoti "Mhm," koma anatsegula kabati n'kumupatsa makondensa amakono okutidwa ndi pulasitiki, osasungunuka. Fabiano anabwerera ku khonde lija n'kumasulanso zitini zake.

Ulendo uno sanasinthe chakufa chokha. Anachotsa makondensa onse a phula, asanu ndi anayi, ngakhale amene ankaoneka amoyo. Rezisita ija anaika yaikulupo, yopirira kutentha, n'kuitalikitsa ndi vavu. Anadula sefa wa pawindo wotchingira timaboo kuti mphemvu zisalowe koma mpweya uzidutsa. Anasemanso timatabwa tiwiri tokhomera kumbuyo, kuti bokosi lisamagundenso khoma.

"Che Alidi," anatero akuwotcherera, "munanena zoona. Mukasoka, mphepo sidutsadi."

"Aaa, achimwene, ine ndinasoka zimene anandiuza!" anayankha telalayo. "Akanati pakhale mawindo, ndikanaika mawindo ndi makatani omwe."

Loweruka m'mawa Fabiano anamangirira zonse m'bokosi ku Soche. Analumikiza babu lake poyamba, ngakhale anali atayesa kale. Linawala pang'ono n'kuzilala. Anachotsa babulo, n'kulumikiza kukhoma, n'kuika mbale. Inali teni koloko.

Sanachoke. Anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kunja, kathabwa kake kali pamiyendo. Achibale anayamba kufika, amayi akuphika kuseri. Ola loyamba linatha. Ola lachiwiri, limene ampulifaya ija inali isanalionepo m'nyumbamo, linathanso, mbale zikusinthidwa.

Cha m'ma wani koloko kunamveka nthungululu kumsewu. A Bennet anatsika galimoto, woonda, akuyenda pang'onopang'ono. Atafika pakhomo anaima, n'kupendeketsa mutu. Inali mbale imene ankaikonda. Anavula chipewa, ndipo Mayi Marjorie anabisa nkhope m'chitenje.

Fabiano anakhalabe pansi pa mtengo mpaka faifi koloko, akumvetsera ngati mawu asasa. Sanasase. Apo a Bennet anatuluka, atavala suti yochepetsedwa ija, n'kulunjika kumtengoko.

"Ndinu mwakonza?"

"Ndine, bambo."

"Ndinaigula ndekha yatsopano, koma sinkamveka chonchi. Dzina lanu ndani?"

Anthu ena amene anali pafupi ankalidziwa dzina lina lija, ndipo mmodzi anali atatsegula kale pakamwa. Mayi Marjorie anamutsogolera. "Awa ndi a Fabiano, fundi wa ku Limbe," anatero mokweza, kuti onse amve.

Lolemba m'mawa Ella anatenga pepala lija pansi pa chitini cha mchere, n'kumuyang'ana mwamuna wake. Fabiano anagwedeza mutu. Ella analipinda n'kuyatsira mbaula, n'kuteleka madzi a tiyi.

Atafika pa khonde anapeza makalaliki awiri a ku Soche akudikira, wina ndi wailesi, wina ndi ampulifaya m'katoni. Masana Mayi Marjorie anabweretsa chovindikira chija. Che Alidi anachidula, akudandaula kuti akuwononga ntchito yabwino, n'kusokamo epuloni yokhala ndi matumba a zida.

Ine a Fabiano ndinawapeza atakalamba, ali ndi shopu yawoyawo ku Limbe, epuloni ya kaki itachita zigamba. Anaphunzitsa anthu ambiri ntchitoyi, ndipo aliyense tsiku loyamba ankapatsidwa kathabwa, babu ndi waya kuti apange chake. Ankawauzanso okha, osabisa, za kapepala ka ndudu kaja. Winnie anakula bambo ake ali pakhomo, ndipo a Fabiano ku Joni sanapondeko.

Tsono inu amene mwapatsidwa dzina chifukwa cha tsiku limodzi loipa, mverani. Munalakwitsadi, vomerani, monga anavomerera Fabiano pamaso pa mayi aja. Pitani kwa amene akudziwa, ngakhale akusiyeni chiimire. Mukakonza chinthu n'kufanso, mukakonzanso n'kufanso, musafulumire kunena kuti manja anu ndi atsoka. Fabiano anatsala ndi masiku anayi okha kuti asiye mkazi, mwana ndi ntchito imene ankaikonda, pamene chotsala chinali kungogogoda pakhomo n'kusuzumira kumbuyo kwa bokosi.

Pitaninso mukayang'ane. Osataya mtima.